Chitseko Chosatulutsa Mawu

"Vulani jekete limenelo tikambirane. Sindikufuna mkulu wa mpingo, ndikufuna bambo wa mwana."

Atelala ananena mawu amenewa asanakhale n'komwe pansi. Nsapato za kutchalitchi zinali zikadali kumapazi, duku atalifinya m'manja ngati akulikamula madzi. Amuna awo, amene aliyense ankangowatcha Amisiri chifukwa cha ntchito yawo ya matabwa, anaima pakhomo osadziwa kuti alowe kapena abwerere.

"Mayi, tsitsani mawu. Lero ndi Lamulungu."

"Lamulungu? Ndiye tsiku lovula ana a anthu pagulu limenelo?"

"Abusa sanatchule dzina la munthu."

"Sanatchule dzina! 'Mayi wina wachitsikana anabwera mu ofesi mwanga Lachinayi, dzanja lamanzere lili m'bandeji.' Mumpingo muja muli amayi angati a bandeji kumanzere? M'khola mukakhala mbuzi imodzi yothyoka mwendo, ukati 'mbuzi yotsimphina ija,' wabisa chiyani?"

Amisiri anavula jekete n'kulikoleka pamsomali. Anachedwa dala kuliwongola mapewa.

"Mwina cholinga chawo chinali kuphunzitsa," anatero motsitsa.

"Kuphunzitsa! Mpaka kuyesezera kaliridwe kake? Munthu wamkulu, taye pakhosi, n'kumalira ndi timawu tating'ono kuti, 'Abusa, andimenya, Abusa, sindibwererako.' Anthu n'kumafa nazo zikhakhali! 'Akazi a masiku ano,' akutero, 'kambama kamodzi wanyamula kale sutikesi.' Kambama kamathyola dzanja? Ndipo inu munali kutsogolo komwe kuja, pabenchi la akulu, maso pansi ngati mwataya singano."

"Ndikanatani? Ndiimirire pakati pa ulaliki?"

"Mukanatsokomolako bwanji? Ngakhale kutsokomola!" Mawu a Atelala anasweka. Anakhala pampando wa makina awo osokera, n'kuyamba kulankhula chapansipansi, ndipo pamenepo m'pamene Amisiri anaopa kwambiri. "Ine mayi wake, ndinamubala ndekha, ndamvera pagome kuti mwana wanga anapita padera. Sanandiuze, ankaopa kundipweteka mtima. Anakauza munthu wa Mulungu. Lero ndamvera limodzi ndi ogulitsa makala ndi ana a Sande sukulu. Ndipo akuti mimba inachoka chifukwa cha mtima wosakhululuka."

Onse awiri anayang'ana kuchipinda. Pakhomo pa chipindacho panalibe chitseko, panali katani wamaluwa ofwifwa amene Atelala anasoka kalekale. Kuseri kwake kunali mwana wawo woyamba, amene kuyambira ali khanda ankangomuitana kuti Chisamba. Panali patatha milungu iwiri chibwerere kuchoka kubanja, dzanja lili lendee. Katani sankagwedezeka. Sikunkamveka ngakhale kusisima.

"Akumva zonsezi," ananong'ona Amisiri.

"Amve. Alekerenji kumva? Mmisiri wa zitseko, mwana wake akugona kuseri kwa nsanza. Zaka zingati ndikukupemphani chitseko cha chipinda ichi? Koma cha ku ofesi ya Abusa munachipanga sabata imodzi, matabwa okhuthala ngati nkhani zanu, vanishi katatu. Ndipo tandiuzani, bambo. Ndani anamuuza mwanayu kuti apite kumeneko?"

Amisiri ankamudziwa munthuyo. Anali iwo. Anakumbuka mawu awo enieni, ndi kunyada kumene kunali m'mawumo: "Pita kwa Abusa, mwana wanga, ukakhuthule zonse. Chitseko chija ndinapanga ndine. Sichitulutsa mawu."

Anatuluka n'kupita kuseri, kushedi kwawo. Anakhala pabenchi pakati pa utuchi. Ankafuna kupemphera koma mawu anakana. Anangoti, "Ambuye, mwaona."

Sabata imeneyo Chisamba sanatuluke m'nyumba. Lolemba anayesa kupita kumpopi, koma mayi wina pamzere anafunsa mnzake mokweza kuti, "Paja sutikesi imanyamulidwa ndi dzanja liti?" Anabwerera ndowa ili gwa, yopanda madzi, n'kukalowa kuseri kwa katani. Chakudya ankachisiya momwe chabwerera.

Lachitatu, monga mwa masiku onse, kushedi kunabwera Abusa Akale. Anapuma ntchito zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ndipo mpingo unali utayamba kuwaiwala. Magalasi awo anali omanga ndi ulusi mbali imodzi. Ankati amabwera kudzathandiza, koma thandizo lawo linali kugwira nsonga ya thabwa ndi kukwecha ndi sandipepa pamalo amodzimodzi mpaka patakumbika.

"Abusa, mundiboolera tebulo la mwini," anatero Amisiri.

"Ndiye udzati ndi sitayilo yatsopano. Anthu a masiku ano amagula chilichonse chokhala ndi dzina."

Anaseka pang'ono, kenako kuseka kunazima. Asanayambe nkhani ina, anatulukira Alembi a mpingo, kope m'khwapa, akupukuta thukuta.

"Amisiri, ndatumidwa. Akulu a mpingo akhala pansi Loweruka la sabata yamawa, m'mawa. Nkhani ndi yoyanjanitsa ana athuwa. Mkamwini wanu walapa, walira misozi yeniyeni. Ndiye Abusa akuti mubwere naye mtsikanayo, ndi sutikesi yake yomwe, kuti tikangopemphera azinyamukira konko."

"Ndi sutikesi yomwe? Mlandu usanakambidwe?"

"Si mlandu, ndi chiyanjano. Banja ndi kupirira, inu mukudziwa. Komanso taganizani, mnyamata uja ndi yekhayo amene amatha kiyibodi. Chiyambireni nkhaniyi akuimba mosokonekera. Lamulungu lapitali kwaya inalowa pena, iye pena."

"Chabwino, ndamva."

"Inu ndinu mkulu wa mpingo, muonetse chitsanzo. Mapanga awiri avumbwitsa."

Alembi atapita, Amisiri anatenga sowo n'kuibwezanso pansi.

"Abusa, ndikufunseni. Papita zaka makumi awiri ndi zisanu. Tsiku lija ndinabwera nditaledzera, n'kuswa makina a mayi a kunyumba, n'kuwakankhira kukhoma. Munauzako ndani?"

"Liti limenelo? Ndakalamba ine, mutu wadzaza utuchi wako."

"Simunaiwale."

Nkhalambayo inavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya malaya. "Ndinauza Mmodzi yekha. Ndipo Iyeyo sakwera pagome ndi nkhani za anthu."

"Munawatenga mayiwa kukakhala kwanu mwezi wathunthu. Anthu ankati akuthandiza amayi busa kusoka mayunifolomu a kwaya. Bwanji simunawauze kuti banja ndi kupirira?"

"Wopirira anali atapirira kale. Wofunika kuuzidwa mawu anali iwe. N'chifukwa chake ndinkabwera kuno tsiku ndi tsiku kudzakuwonongera matabwa." Anavalanso magalasi. "Ndigwire dzanja, ndikufuna ndikapereke moni m'nyumba."

Amisiri anawatsogolera. Abusa Akale anaima patali ndi katani, ngati pali chitseko chenicheni, n'kunena kuti, "Odi kuno, mwana wanga."

Kunali zii.

"Ndine nkhalamba yosaona ija. Ndalandira kalata kuchokera kwa mwana wanga wa kutali, koma zilembo zikungovina. Bambo akowa akawerenga amadumpha mizere ngati akuthawa minga. Ndimati mwina iwe ungandithandize."

Kunali ziibe. Atelala anafuna kukoka katani, koma nkhalambayo inakweza dzanja kuwaletsa. Inapempha kampando, n'kukhala pomwepo pafupifupi ola lathunthu, osafunsa kanthu, osalalikira, ikungoimba chamumtima. Ponyamuka inati, "Kalata siwola. Ndibweranso Lachitatu."

Amisiri anaganiza zoti akaonane ndi Abusa atsopano aja paokha, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Anapita Lachisanu masana. Abusawo anali munthu wachinyamata, wamphamvu, wodziwa kulankhula. Chibwerereni iwo tchalitchi chinkadzaza mpaka anthu kuima m'mawindo, ndipo Amisiri anali m'gulu la amene ankawanyadira.

"Akuluakulu! Lowani, lowani. Tsekani chitseko chanu chokongolacho."

Amisiri anatseka. Chinatsekeka mwakachetechete monga anachikonzera, phokoso lonse la panja n'kuzimiratu. Dzanja lawo linachedwa pathabwalo.

"Abusa, ndabwera ngati mwana wanu. Ulaliki wa Lamulungu lija wavulaza munthu kunyumba kwanga."

"Mawu akalasa ndiye kuti agwira ntchito, Amisiri. Mankhwala okoma sachiritsa."

"Mwanayo anakuuzani zija muno, chitseko chili chotseka."

"Ndipo ine sindinatchule dzina. Tamverani, anthu a lero samva mawu ouma. Amafuna chitsanzo chamoyo, chimene angachione ndi maso. Mukudziwa kuti ulaliki umene uja wapulumutsa mabanja angati? Amayi atatu anabwera kudzandiuza kuti anali atalongedza, koma amasula katundu."

"Abwerera kokamenyedwa?"

Abusa anaseka, n'kuwagwira paphewa. "Mwakwiya, ndikumvetsa, ndinu kholo. Koma musaganize kuti ndi nyumba yanu yokha. Muno ndimamva zambiri. Alembi athu omwewa, mukawaona kuyenda ndi kope, mukudziwa kuti akazi awo anagwada pomwe mwaimapo n'kundiuza kuti usiku..."

"Musandiuze!"

Amisiri anadzidzimuka ndi mawu awo omwe. Anali asanakalipirepo mbusa chibadwire.

"Musandiuze, Abusa. Si zanga."

"Ndimangofuna mutonthozeke. Tili awiri, chitseko n'chotseka."

"Iyenso munali naye awiri."

Nkhope ya Abusa inasintha. Anabwerera kuseri kwa tebulo lawo n'kuyamba kusanja mapepala. "Loweruka lija tidzakudikirani. Mkulu wa mpingo amene nyumba yake yamukanika, mpingo umayamba kumufunsa mafunso. Sindikufuna zifike pamenepo."

Amisiri atafika kunyumba, Atelala anangowayang'ana kumaso n'kudziwa.

"Akupepesani?"

"Ayi."

"Ndiye Loweruka mukamupereka?"

"Mayi, ndakhala pabenchi lija zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Mabenchi onse a m'tchalitchi muja anadutsa m'manja mwangamu. Ndikakana, andichotsa."

"Akuchotseni. Benchi munapanga nokha, mudzapanga lina. Mwana mudzamupanga ndi matabwa ati? Ine ndanena: amene adzagwire sutikesi ija adzayambe wadutsa pa ine. Kaya ndi mkamwini, kaya ndi Abusa, kaya ndinu."

Lachitatu lotsatira Abusa Akale anabweranso, n'kuimanso patali ndi katani. "Odi kuno. Kalata ija yandivutitsa sabata yonse, mwina muli nkhani ya maliro ine n'kumangoseka ndi anthu."

Panapita nthawi. Kenako katani anagwedezeka, ndipo panatuluka dzanja lamanja. Nkhalambayo inaikamo kalata. Mawu a Chisamba anamveka, osasa ngati a munthu wodzuka kumene, akuwerenga za mvula, za mdzukulu amene wamera mano, za nsapato zimene zidzatumizidwe. Amisiri anali pakhomo lakunja, pensulo kukhutu. Anali asanamve mawu a mwana wawo masiku khumi. Anatembenuka n'kuyang'ana kumsewu kuti asaonedwe m'maso.

"Wawerenga bwino," anatero Abusa Akale. "Ndikadzabweranso udzandilembere yankho. Dzanja lolembera ndi lamanja, eti? Basi tili ndi mwayi."

Kuseri kwa katani kunamveka kaphokoso kakang'ono, kofanana ndi kuseka.

Tsiku lotsatira, dzuwa lili paliwombo, Amisiri ankacheka thabwa pamene anamva kukuwa. Anathamanga, hamala ili m'manja osadziwa kuti aitola liti. M'nyumba anapeza katani ali pansi, atang'ambika pakati. Mkamwini wawo anali m'chipinda, dzanja lina lagwira sutikesi, lina lagwira Chisamba pamkono wa bandeji. Atelala, amene ankachokera kogula ulusi, anali ataima pakhomo pa chipindacho, sizasi yaikulu yodulira nsalu ili m'manja.

"Musiye! Ndati musiye, ndisanakufupikitse zala zoimbira kiyibodizo!"

"Apongozi, musatero," anatero mnyamatayo ataona Amisiri. Ankamwetulira ngati wakumana nawo pamsika. "Ndangobwera kudzatenga zanga. Abusa anena kuti Loweruka nkhani itha, ndiye ndimati ndikupeputseni, musavutike kunyamula."

"Unapempha odi?"

"Odi pati? Pansalu?"

Amisiri anayang'ana hamala imene inali m'manja mwawo. Anakumbuka makina osweka ndi khoma lija. Anaiika pansi pang'onopang'ono.

"Chotsa dzanja lako pa mwana wanga. Tuluka momwe unalowera."

"Loweruka mudzandipatsa nokha, pamaso pa anthu," anatero mnyamatayo akutuluka. "Fodya uyu ndi wanga, ali pamphuno kale."

Chisamba anakhala pabedi, atakumbatira mkono wake. Mayi ake anamufungatira. Amisiri anatola katani, n'kuyesa kumukolekanso, koma anali atang'ambikiratu. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana khomo lopanda kanthulo. Kenako anatulutsa tepi m'thumba n'kuyeza m'litali, m'lifupi, n'kuyezanso kachiwiri.

"Mukuyeza chiyani nthawi ngati ino?" anafunsa Atelala. "Bokosi la maliro?"

Amisiri anapinda tepi. Anangolemba manambala pachikhatho ndi pensulo, n'kuwayang'ana ngati akuwadziwa kale.

Loweruka m'mawa anavala jekete lija. Anatenga chikwama chawo cha zipangizo. Atatuluka anapeza Chisamba ataima panja, atasamba, atavala diresi labuluu, opanda sutikesi.

"Ukhoza kutsala, mwana wanga."

"Ayi, ababa. Andilankhulira mokwanira. Ndikufuna andimve ndi mawu anga."

Akulu a mpingo asanu ndi awiri anali atakhala kale kutsogolo kwa tchalitchi, pafupi ndi khomo la ofesi. Abusa anali pakati, Alembi pambali ndi kope lawo. Mkamwini anali atavala malaya oyera, mutu ataweramitsa ngati mwana wamasiye. Atelala anakhala pafupi ndi mwana wawo, manja atapinda pachifuwa. Kumbuyo kwenikweni, pabenchi lomaliza, kunali Abusa Akale. Palibe anawaitana, ndipo palibe analimba mtima kuwatulutsa.

Atapemphera, Abusa anayang'anayang'ana. "Sutikesi ili kuti, Amisiri? Kapena ndi chikwama chimenecho?"

"Ichi ndi changa."

"Chabwino. Mwana wanga, mwamuna wako walapa. Tikufuna timve pakamwa pako kuti wamukhululukira."

Chisamba anaimirira.

"Abusa, ndikanakuyankhani, koma ndikuopa. Ndikayankha lero, mawa ndikamva yankho langa pagome, ndi timawu tating'ono tija."

"Mtsikana iwe, ukulankhula ndi mtumiki wa Mulungu," anatero mkulu wina wa ndevu.

"Ndikudziwa, agogo. N'chifukwa chake ndinapita kwa iwo osati kumpopi. Ndikanafuna kuti mudzi wonse udziwe, ndikanapita kumpopi, ndi pafupi." Anatembenukira kwa akulu onse. "Kukhululuka ndikupempherera, Mulungu akudziwa. Koma kubwerera sindibwerera. Ndinataya mwana pasimenti ya nyumba imene ija. Sikunali kusakhululuka kumene kunandiponda pamimba. Inali nsapato."

Alembi anasiya kulemba.

"Amisiri," anatero Abusa, mawu atauma, "mwana wanu wanyoza mpingo inu mukuona. Ndinu mkulu. Muuzeni zoyenera, kapena tidziwe kuti mwaima pati."

Amisiri anaimirira. Maondo awo analira ngati mahinjesi opanda mafuta. Sanali munthu wa mawu ambiri, ndipo onse ankadziwa. Anatsegula chikwama, n'kutulutsa sikuludiraiva, n'kupita pakhomo la ofesi. Anatsegula chitsekocho, n'kuikira kamtengo pansi pake kuti chisagwe, n'kuyamba kumasula hinjesi yam'mwamba.

"Kodi chawonongeka?" anafunsa Alembi.

"Chili bwinobwino."

"Nanga mukutani?"

"Ndikuchichotsa."

"Amisiri!" Abusa anaimirira. "Mwazungulira mutu? Imeneyo ndi ofesi ya uphungu. Anthu azilankhula bwanji zakukhosi popanda chitseko?"

"Azilankhula akudziwa kuti ali pabwalo." Sikuluwu yoyamba inagwera m'chikhatho chawo, n'kuiika m'thumba. "Chitseko ichi chimanama, Abusa. Munthu akachiona kukhuthala kwake amati ndafika pobisala. Ndinachipanga ndine, ndiye bodzalo ndi langa. Ndinauza mwana wanga ndi pakamwa panga kuti sichitulutsa mawu. Sindinadziwe kuti chipinda ichi chili ndi khomo lina lotulukira pagome."

"Chimenecho munapereka kwa Mulungu," anatero mkulu wa ndevu uja. "Chopereka sichibwerera kunyumba."

"Sindikumulanda Mulungu, achimwene. Ndikukachiika pamene chikagwire ntchito imene ndinamulonjeza." Sikuluwu yachiwiri inatuluka. "Ine sindinaphunzire za ubusa. Ndimangodziwa matabwa. Koma ndinaonapo mbusa. Nkhosa ikathyoka mwendo amainyamula, saikweza patebulo kuti zinzake ziphunzirepo kuyenda. Akamva chinthu, chimafera mwa iye. Akafuna kudzudzula amapita kwa womenya, osati kwa womenyedwa. Ndinamuona ndi maso angawa, ndipo ndili pano chifukwa cha iye."

Sanayang'ane kumbuyo. Pabenchi lomaliza, nkhalamba ija inali kalikiliki kupukuta magalasi.

"Alembi, lembani," anatero Abusa. "Kuyambira lero Amisiri aimitsidwa pa ukulu wa mpingo."

Alembi anagwira cholembera, koma sichinkayenda.

"Lembani, Alembi, musaope," anatero Amisiri akugwada kuti amasule hinjesi yapansi. "Koma ndikupempheni chinthu chimodzi, inu ndi akulu nonse. Aliyense amene mkazi wake, kaya mwana wake, kaya iye mwini analowapo m'chipinda ichi n'kutseka chitseko, adzifunse kuti nkhani yake ili kuti lero. Ine Abusa anayamba kundiuza ya munthu wina sabata yatha. Ndinatseka makutu. Sindikudziwa ngati onse amatseka."

Mkulu wa ndevu anayang'ana pansi. Wina anakanda m'mutu. Alembi anayang'ana Abusa nthawi yaitali, kenako anatseka kope lawo pang'onopang'ono n'kuliika pabenchi.

"Chaona mnzako chapita," ananong'ona wina.

Sikuluwu yomaliza inatuluka. Chitsekocho chinali cholemera kuposa momwe Amisiri ankakumbukira. Anavula jekete, n'kulipinda, n'kuliika pamutu ngati nkhata. Atelala anagwira mbali ina kuwathandiza kusenza.

"Jekete la ukulu limenelo, bambo," anatero Atelala.

"Lapeza ntchito."

Mkamwini anaimirira ngati akufuna kutsekereza njira, koma Atelala anangomuyang'ana, iye n'kukhalanso pansi. Anatuluka: Amisiri patsogolo ndi chitseko pamutu, Chisamba pambuyo pawo atanyamula chikwama cha zipangizo ndi dzanja lamanja, mayi ake pambali, ndipo kumbuyo, patali, Abusa Akale akufufuza njira ndi ndodo.

Msewu wa kunyumba unkadutsa pampopi. Amayi anasiya ndowa zikusefukira.

"Amisiri, mwayamba kuba m'tchalitchi?" anafuula mayi wa sutikesi uja.

"Funsani Lamulungu, mudzamvera pagome!" anayankha Atelala osatembenuka. Chisamba sanaweramitse mutu. Anamuyang'ana mayiyo m'maso mpaka mayiyo anayamba kufunafuna chivundikiro cha ndowa yake.

Kunyumba, chitseko chinalowa pafelemu ngati chinabadwira pomwepo. Pansi pokha m'pamene Amisiri anapalapo pang'ono. Anamanga mahinjesi, n'kuchiyesa katatu. Kenako anapita kushedi n'kubwera ndi mpiringidzo wachitsulo.

"Mukuuika mbali iti?" anafunsa Atelala.

"M'kati."

Atamaliza anasesa utuchi, n'kutuluka m'chipindamo. "Tayesa, mwana wanga."

Chisamba analowa. Chitseko chinatsekeka mwakachetechete. Kenako kunamveka kuti khwa, mpiringidzo walowa.

Makolo awiriwo anaima pabalaza akuyang'ana thabwa lowala ndi vanishi. Sikunkamveka kanthu. Kaya ankalira, kaya ankapemphera, kaya anangogona, sakanadziwa.

"Mawa mupita kutchalitchi?" anafunsa Atelala chapansipansi.

"Ndipita. Si nyumba ya Abusa ija. Ndikakhala benchi lakumbuyo, nalonso ndinapanga ndine. Silitsina."

Atelala anawachotsa kautuchi kamene kanali pakolala, n'kupita kukatereka madzi a tiyi.

Patapita nthawi ndodo inamveka pakhonde. Abusa Akale analowa akupuma mwamphamvu, n'kupapasa chitseko chatsopanocho ndi zala, kuyambira m'mwamba mpaka pansi.

"Apa pokha sunandipatse kuti ndikwechepo," anatero. "N'chifukwa chake n'chosalala."

Anatulutsa pepala ndi cholembera m'thumba la malaya, koma anazipereka kwa Amisiri. "Yankho la kalata lija. Miyendo yanga yatha. Kamupemphe ndiwe."

Amisiri anaima kutsogolo kwa chitseko chawo. Chibadwire mwanayo anali asanagogodepo pakhomo pake. Anapukuta dzanja pathalauza, n'kugogoda kawiri.

"Odi, Chisamba."

Kunali zii. Atelala anasuzumira kuchokera kukhitchini. Amisiri sanagogodenso. Anaima pomwepo, pepala m'manja, n'kudikira.

"Ndani?" anafunsa mawu a m'kati, akumveka patali ngati ochokera kutsidya.

"Ndine bambo ako. Ukafuna usatsegule."

Anadikirabe. Madzi a tiyi anayamba kuwira. Kenako, mwakufuna kwa mwini chipinda, mpiringidzo unalira.